Ndondocha za Mayi Rozaria

Chaka chimene Julius anagula jenereta, filimu imene inkadzaza nyumba yake ya vidiyo inali ya tizilombo ta makutu aatali, timene tinkaswa mbale, kuba zakudya ndi kuseka anthu akamakuwa. Gawo loyamba analionetsa mpaka tepi kutha ntchito. Atabwera ndi gawo lachiwiri kuchokera ku Limbe, anthu ankatsika m'midzi ya m'tsinde mwa Michesi, ena panjinga ena wapansi, kudzaonera dzuwa lili paliwombo.

Filimuyo inali ya Chizungu, ndiye Sitima, mlamu wake wa Julius, ankaimirira kutsogolo n'kumamasulira. Chizungucho sankachimva kwenikweni. Ankangopeka zoti anthu aseke.

Panja pakhomo pankakhala mayi Rozaria ndi beseni la zitumbuwa. Amuna awo anapita ndi napolo wa mu 1991, ndipo chichokereni ankalima okha. Chaka cha jenereta chija chimanga chawo chinabereka kuposa cha anzawo, poti anathira manyowa a mbuzi ndipo anapalira msanga.

Loweruka lina, tizilombo tija tikukokolola zakudya m'sitolo, Sitima anati, "Mwazizindikira? Ndondocha za mayi Rozaria izi. Zikachoka apa zikukatuta chimanga m'minda mwanu."

Anthu anaseka mpaka misozi. Mayi Rozaria anamva dzina lawo kudzera pa mpanda wa bango, nawonso n'kumwetulira, osadziwa chimene chanenedwa.

Poona kuti nthabwalayo yakoma, Sitima ankaibwereza tsiku lililonse. Posakhalitsa inafika pamjigo, ndipo kumeneko siinalinso nthabwala. Aliness, amene mwana wake ankadwaladwala, anati wakhala akumva timapazi padenga. Wina anakumbukira kuti makolo a mayiwo anachokera ku Mozambiki. Zitumbuwa zinayamba kubwerera kunyumba beseni lili lodzaza.

Mayi Rozaria anavala chitenje chatsopano n'kupita kwa Julius. Anagwada pambali pa jenereta n'kumupempha kuti alamu akewo asiye kuwatchula.

"Amayi, imeneyo ndi filimu chabe," anatero Julius, maso ali pa waya amene ankalumikiza. "Anthu amabwera kudzaseka."

Sitima anasiyadi kutchula dzina. Ankangoti ndondocha za auje, n'kuloza pakhomo ndi mlomo. Anthu ankaseka kuposa kale.

M'mwezi wa Malichi, mayi Rozaria analawirira kumunda n'kupeza chimanga chonse chili pansi, chotemedwa ndi zikwanje chisanakhwime. Anakhala pamzere mpaka dzuwa kutentha, osalira. Anthu ankadutsa m'kanjira ndi nkhuni pamutu n'kumayang'ana kumbali. Lamulungu kutchalitchi, benchi imene anakhalapo inatsala yawo okha, ndipo mkulu wa mpingo anangowauza kuti apirire.

Mwana wawo Jenifer, wokwatiwa kugombe la Chilwa, anamva n'kubwera kudzawatenga. Popita anaima pa vidiyo paja, n'kuuza Sitima maso ndi maso kuti wagwetsa nyumba ya mayi wamasiye. Sitima anayankha kuti iye sanagwire chikwanje cha munthu, n'kulowa m'kati poti anthu ankamudikira.

Ku Chilwa mayi Rozaria anaphunzira kuwoka mpunga atakula kale, madzi ali m'maondo, misundu ikuwaluma. Anzawo am'dambo akawafunsa chimene chinawachotsa kuphiri, ankayankha kuti kumtunda nthaka inaguga.