Geji Yonama ya Alamu

Galimoto inayamba kutsokomola pakati pa mtunda, dzuwa lili paliwombo. Mayi Makeke, omwe anthu ankawatchula choncho chifukwa cha ntchito yawo yophika makeke a maukwati, anaponda mafuta mpaka pansi, koma injini inangoti zii. Galimoto inakwawa pang'ono ndi batire lokha, kenako inaima m'mbali mwa msewu, tinyali tonse tikuthwanima. Anayang'ana geji ya mafuta. Inkaonetsabe theka la thanki.

Pampando wakumbuyo panali keke yosanjikiza ya ukwati wa tsiku lomwelo, imene anavutika nayo sabata yathunthu. Mphepo yozizira ya m'galimoto inali itazima limodzi ndi injini.

Anaimbira mlamu wawo, mwamuna wa mng'ono wawo, yemwe ankagulitsa magalimoto oyendapo kale. Aliyense ankamutchula Zatheka, chifukwa funso lililonse ankaliyankha ndi mawu amenewo. Ndiye amene anawagulitsa haibulidi imeneyi, galimoto yoyendera mafuta ndi batire, mwezi wapitawo, atalumbira kuti yangochoka kumene ku sevisi ndipo mafuta simwa, imangonunkhiza.

"Alamu, galimoto ija yandiimira panjira."

"Geji ikuti bwanji?"

"Ikuti theka."

"Ndiye mwadina penapake. Izi si za uvuni, alamu, n'zamagetsi." Kumbuyo kwa mawu ake kunamveka amuna ena akuseka, ndipo Mayi Makeke anazindikira kuti wawaika pa sipika. "Ndinanena ine, kupatsa amayi haibulidi n'kupatsa nkhuku wailesi. Zimitsani, muyatsenso. Zatheka."

Sizinatheke. Pomwe ankapeza taksi, kirimu inali itayamba kuyenderera m'mbali mwa keke, timaluwa tashuga tatsetsereka, chigawo chapamwamba chapendekeka. Ku holo, mayi a mkwatibwi anaiyang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Anatiuza kuti ndinu akatswiri," anatero pomaliza, n'kutembenuka.

Atsikana operekeza mkwatibwi anali atatulutsa kale mafoni akujambula. Sabata yotsatira makasitomala ena anaimba, aliyense ndi mawu aulemu, kunena kuti asintha maganizo.

Galimoto anaikokera ku galaja ya makaniko wina wodziwa za mahaibulidi. Makanikoyo anagogoda thanki, ikulira ngati chitini chopanda kanthu. Anachotsa mpando wakumbuyo, n'kutsegula pansi pake, n'kusolola kachipangizo koyandama kamene kamauza geji kuchuluka kwa mafuta. Kanali komangidwa ndi waya.

"Aka kanathyoka," anatero makaniko. "Kakathyoka, geji imagwa, kanyali kochenjeza kamangoyaka. Wina anafuna kuti kanyaliko kazime, ndiye anangokamangirira pakati. Thanki idzaze, iume, inu muzingoona theka."

"Mwina inabwera choncho kuchokera kunja."

"Waya uyu ndi watsopano, mayi. Onani mmene akuwalira."

Anawaonetsanso oyilo wakuda ngati phula, ndi fyuluta ya kafani koziziritsa batire, itatsekeka ndi fumbi ndi ubweya wa galu. Sevisi imene Zatheka ankalumbirira ija, galimotoyo sinaione n'komwe.

Mayi Makeke anatenga kachipangizoko, kakununkha petulo, n'kukatembenuza m'manja. Zimene zinkawawotcha mumtima si keke yokha. Anali kumvabe kuseka kwa amuna aja pa sipika.

"Sinthani oyilo, mafyuluta, mapulagi, zonse zofunika," anatero. "Koma aka mukabwezere momwe munakapeza, ndi waya wake."

"Mukufuna kuimanso panjira?"

"Ine ayi. Kuona maso a nkhono n'kudekha, bambo."

Makaniko anapukusa mutu, komabe anachita monga anauzidwa. Anangowalangiza kuti azidzaza thanki n'kumayang'ana mtunda umene ayenda, osati geji.

Kwa mlamu wawo sananene kanthu. Akakumana kunyumba kwa mng'ono wawo, Zatheka ankawalandira ndi nthabwala.

"Adalaivala afika. Lero simunadine zolakwika?"

"Ndaphunzira, alamu. Munkanena zoona, vuto ndinali ine."

Ankamwetulira, kumuthirira tiyi, kumudulira keke yaikulu kuposa ya ena. Pakadali pano anaiphunzira galimotoyo ngati uvuni watsopano. Anadziwa pomwe thanki yodzaza imawafikitsa ndi pomwe imayamba kupuma movutikira.

Mpata unabwera wokha. Tsiku lina Zatheka analowa m'khitchini mwawo, n'kuyamba kutola zidutswa za keke pathireyi osapempha. Anati pali mkulu wina wa kampani yomanga misewu amene akufuna mahaibulidi angapo a antchito ake. Mkuluyo ankafuna kuyesa imodzi kaye, ulendo wautali wopita kumene akugwira ntchito, kuseri kwa mapiri. Magalimoto amene Zatheka anaitanitsa kunja anali asanafike.

"Akaona yanuyi, n'kumva kuti ndinagulitsa kwa m'bale wanga weniweni, basi wagwa. Mundibwereke tsiku limodzi lokha."

"Bwerani naye konkuno adzakwerere pano," anatero Mayi Makeke. "Ndimuuze ndekha mmene yandithandizira."

Zatheka anaseka mpaka nyenyeswa kugwera pamalaya. "Mlamu ndi inu. Zatheka."

Masiku otsalawo Mayi Makeke anapereka makeke mbali zonse za tauni, akusankha njira zozungulira, osaima pothira mafuta. M'mawa wa tsikulo anaitsuka galimotoyo, kupukuta magalasi, kupopera ndi mafuta onunkhira m'kati.

Mkulu wa kampani anali munthu wosachulutsa mawu, wovala nsapato zolimba za pantchito. Anazungulira galimoto, n'kukhala kutsogolo. Zatheka anayatsa, n'kuyang'ana geji, nkhope yake n'kusintha pang'ono.

"Mafuta mwathira liti, alamu?"

"Geji ikuti theka," anayankha Mayi Makeke atatsamira pazenera. "Kapena geji yanu imanama?"

"Iyi? Siinganame." Anatembenukira kwa mkulu uja. "Komabe tidutsira pothira mafuta, bwana, kuti tiyende ndi mtima umodzi."

"Ayi," anatero mkulu uja. "Munandiuza kuti theka la thanki limapita n'kubwerako. Ndabwerera zimenezo. Mukathiramo ena, ndiona bwanji?"

Zatheka anayang'ana mlamu wake. Mayi Makeke anamwetulira, n'kumenya pang'ono padenga la galimoto.

"Muyende bwino, alamu. Imangonunkhiza."

Foni inalira masana, Mayi Makeke akukongoletsa keke limodzi ndi amayi awiri amene ankawathandiza ntchito. Anaisiya ilire mpaka inaleka. Inaliranso. Anamaliza duwa limene ankaumba, anapukuta manja, n'kuika foniyo pa sipika pakati pa tebulo.

"Alamu, yaima." Mawu a Zatheka anali otsika, ngati wobisala kuseri kwa galimoto. "Tili pakati pa mapiri, palibe nyumba, palibe mthunzi. Mwandichita chiyani?"

"Geji ikuti bwanji?"

"Alamu, musatero."

"Mwina mwadina penapake. Izi n'zamagetsi."

Amayi aja, omwe ankaidziwa nkhani yonse, anaphulika ndi phwete, wina mpaka kugwira tebulo. Kenako pafoni panamveka mawu ena.

"Mayi, ndine amene ndinakwera galimoto yanu m'mawa. Geji ili pa theka, thanki ikulira ngati mgolo. Bambo awa akuti inu ndi amene mwaiwononga."

"Chotsani mpando wakumbuyo, bwana, mutsegule pansi pake. Mupeza kachipangizo komangidwa ndi waya. Ndinaigula choncho kwa iwowo, akundiuza kuti yachoka ku sevisi. Ine ndine m'bale wawo. Inu simuli nawo pachibale chilichonse, ndiye ganizirani nokha."



"Zikomo, mayi," anatero mkulu uja, foni n'kuduka.

Zotsala Mayi Makeke anazimva kwa makaniko, yemwe anakaitenga galimotoyo. Mkulu uja anaitanitsa lole ya kampani yake, inamutenga yekha. Zatheka anatsala padzuwa, jekete pamutu, akuimitsa magalimoto amene sankaima. Pofika madzulo, ogulitsa magalimoto anzake onse anali atamva, ndipo anali atamupatsa kale dzina latsopano: Theka.

M'mawa mwake mng'ono wa Mayi Makeke analowa m'khitchini osagogoda, poti anali ndi kiyi wake wa nyumbayo. Maso anali otupa.

"Asisi, mwatipha. Bambo a kunyumba sakutuluka n'komwe m'chipinda. Bizinesi imene ija inali yoti itidzutse, ana akufuna sukulu. Mukanangowauza pambali. Chibale ndi fupa, asisi."

"Fupa lomwelo ndi limene linandiima pakhosi," anatero Mayi Makeke, akusefa ufa. "Pamene ankandiseka ndi anzake, anandiuza pambali?"

"Koma kawaya kokha? Ine ndinawauza kuti akonze musanaitenge, iwo anati adzakonza mukadzapita nayo ku sevi…"

Anadzigwira pakamwa.

Sefa inaima. Mayi Makeke anaiika pansi pang'onopang'ono. M'mawa wa ukwati uja, mng'ono wawoyu ndi amene anawathandiza kunyamula keke kulowetsa m'galimoto. Ndi amene anatseka chitseko n'kuwabayibitsa.

"Unkadziwa."

"Asisi, ndi mwamuna wanga. Ndikanatani?"

 Mayi Makeke anatola sefa, n'kuyambiranso kusefa, ufa ukugwa m'beseni mwakachetechete. Mng'ono wawo anaima pomwepo, akudikira kukalipiridwa, koma mawu okalipa sanabwere.

"Kiyi wa nyumba ino uli naye m'chikwamamo," anatero Mayi Makeke, osadzutsa mutu. "Umusiye patebulopo. Potuluka ukoke chitseko, ntchentche zingalowe."