Zikomo wa M'nyumba mwa Loc

Ndikuponyereni kamwambi muyankhe. N'chiyani chimene mlendo ukampatsa amamwetulira, koma wachibale ukampatsa amayamba kukuyang'ana m'maso ngati wamubera nkhuku? Musavutike, ndi "zikomo". Ine sukulu ndinalekezera kalasi yachiwiri, koma ichi ndinachiona ndi maso anga.

Ndimakhala kwa Loc, mwana wa mchimwene wanga, m'mbali mwa ngalande kufupi ndi mzinda wa Can Tho. Mwana wake Tham, wa zaka zisanu ndi zinayi, anasintha chaka chino. Mwana wolongolola uja anangoti zii. Pachakudya ankangotokosa mpunga, m'mawa akamavala zakusukulu ankalira. Ukamufunsa ankati palibe.

Aphunzitsi anatumiza kalata. Loc anaiwerenga ataimirira, chifuwa patsogolo. Akuti tsiku lililonse tikamadya, aliyense athokoze mnzake pa chinthu chimodzi, mtima wa mwana udzapepuka.

"Izi ndi za ife ophunzira, azakhali," anatero. "Inu muzingoonera kwa ine."

Kwathu kunotu munthu wa m'nyumba sathokozedwa ndi pakamwa. Ukakondwa naye umamutapira mnofu wa nsomba n'kumuikira pa mpunga wake, basi.

Titakhala pamphasa, Loc anatsokomola. "Mayi a Tham, zikomo chifukwa chophika mlambawu."

Nhien, mkazi wake, anaika timitengo todyera pansi. "Mwachita chiyani?"

"Ndikungothokoza."

"Zaka khumi ndi ziwiri ndikuphika. Mkaziyo ndi ndani?"

"Mkazi uti?"

"Ameneyo, wakuphunzitsani ulemuyo."

"Ndi aphunzitsi a Tham."

"Aphunzitsinso?"

Loc anathawira kwa ine. "Azakhali, zikomo chifukwa cha zonse zimene mwatichitira pamoyo wanu."

Sabata yapitayo anali atandiperekeza kuchipatala. "Iwe, adokotala anakunong'oneza chiyani? Ndatsala ndi masiku angati? Nena, ndikabwereke ndolo za anzanga ndife ndikuwala."

"Palibe akufa pano."

"Nanga ukutsazikiranji?"

Tham ankangotembenuza mutu uku ndi uku. "Ababa, mukuchoka?"

"Sindikupita kulikonse. Anthu inu, ndi kalatayi." Anaigwedeza m'mwamba, ngodya yake n'kulowa mu msuzi.

Nhien anandithokoza chifukwa chosajona dzulo lake, pomwe ine sindidziwa kuti ndimajona. Ine ndinathokoza mlamba chifukwa chololera kufa. Loc anati nsomba siwerengedwa. Palibe ankadziwa ngati tikukangana kapena tikupemphera.

Kenako inafika nthawi ya Tham.

"Ndikuthokoza amene anandisokera malaya akusukulu atang'ambika kumsana."

Anali mawu ake oyamba aatali mwezi wonsewo. Loc anawongola khosi.

"Mwamva? Kalata yagwira ntchito. Ndipo wosokayo ndi ine. Amayi ako ali kumsika, ine ndi singano, ine ndi ulusi. Manja awa palibe chimene sadziwa."

Nhien anamuyang'ana chammbali. Ine ndinangodzaza mpunga m'kamwa.

Tham anadzuka n'kukatenga malayawo, n'kuwatambasula pakati pa mphasa. Pamsana poyera panali mzere wokhotakhota wa ulusi wobiriwira wosokera ukonde, mfundo zake ngati nthanga za papaya.

"Ndiye ndinu, ababa? Kusukulu amanditcha Ukonde. Akandiona amafunsa kuti lero ndagwira nkhanu zingati." Analoza ulusiwo ndi chala. "Ndinkaopa kunena. Ndimaganiza kuti ndi agogo, ndiye sindinafune kuwakhumudwitsa poti maso awo saona bwino."

Ndinatafuna mpunga uja pang'onopang'ono. Wosokayo ndinali ine ndithu, koma munthu anali atadzipereka kale, ndikanamulanda bwanji ulemu wake?

Nhien anamukokera mwanayo pachifuwa. "Usiku uno ndimasula zonsezi, mawa ukavala zosokedwa bwino." Ndiye anatembenukira kwa mwamuna wake. "Atelala, ulusi woyera unakutherani?"

"Ayi, ine kwenikweni... ine ndinangogwirizira nsalu."

"Munagwirizira ndani?"

"Kapena anali malaya ena."

"Manja odziwa zonse aja," ndinatero ine. "Usadandaule Loc mwana wanga, mawa ndikupatsa kabudula wanga, nayenso wang'ambika kumbuyo."

Tham anayamba ndi kaphokoso ka m'mphuno, kenako anaseka mpaka kugwera pamiyendo ya amayi ake. Atadzuka anakoka mphika wa mpunga n'kudzitapira kawiri. Loc anakhala akukupiza nkhope ndi kalata yonyowa ija, ife tikumuseka.