Triza Agwada Patali

Inali itangokwana faifi koloko m'mawa, kunja kukadali kachisanu, utsi wa moto wolusa utaphimba minda ya tiyi. Bambo Peterson anakhala pa kampando kunja kwa nyumba yawo ya ku malaini a esiteti. Sukulu zinali zitatsegulira sabata yathayo, koma mwana wawo Triza anali asanapondeko m'kalasi.

"Triza! Tabwera kuno."

Mtsikanayo anatuluka n'kugwada patali, pafupi ndi mgolo wa madzi, maso ali pansi.

"Sendera, sindiluma ine."

Sanasendere. Chichokereni ku chinamwali pa holide, umu ndi mmene ankachitira. Anamkungwi anamulangiza kuti namwali sayang'ana bambo ake kumaso, sakhala nawo pafupi, sachulutsa nawo nkhani. Kale Triza ankawachingamira pamsewu akamaweruka, n'kuwafotokozera zonse za kusukulu, mpaka zoti aphunzitsi a masamu abwera atavala sokosi zosiyana. Chimwalirireni mayi ake, macheza a m'nyumbamo anali amenewo.

"Sitandade 8 iyi, mwanawe, mayeso ali kutsogoloku. Alipo wakuopseza?"

"Ayi."

"Anzako akukuseka?"

"Ayi."

"Nanga sukuluyo ukuifuna?"

Triza anayamba kukanda pansi ndi chala.

Mayi Anesi, mng'ono wa malemu mkazi wawo, amene ankakhala nyumba yoyandikana, anasiya kusesa n'kubwera ndi tsache lawo m'manja.

"Alamu, mwatsegula khoti m'mamawa uno? Mwanayu wakula. Zilipo zimene sangauze munthu wamwamuna, olo akhale bambo ake."

"Ndiye auze inuyo."

"Ine anandiuza kuti ali bwinobwino."

"Ali bwinobwino akungokhala pakhomo?"

"Ife titatuluka ku tsimba sitinabwererenso kusukulu. Tinafa? Tiyi sitikuthyola?"

"Ndikuopa zomwezo."

Mayi Anesi anaseka n'kuwaloza ndi tsache lija. "Munamuvinitsa ndinu, nkhuku ya anamkungwi munapereka ndi manja anu. Lero mukufuna azilankhula ngati wailesi?"

Zinali zoona. Bambo Peterson anavomera okha, poopa kuti akuchikazi angati akulera mwana ngati wopanda mtundu. Iwo ankaganiza kuti mwana apita n'kubwerako yemweyo.

Anaimirira, n'kutembenuza kampando kaja kuyang'ana kuphiri, n'kukhalanso.

"Chabwino, sindikukuona. Uuze msana wangawu."

Kenako anamva mawu, otsika kwambiri.

"Ababa, sukulu ndikuifuna. Koma..."

Anadikira, osatembenuka. Tsache la Mayi Anesi linayambanso kukwecha pansi, pafupi kwambiri ndi pamene mwanayo anagwada.

"Koma chiyani, Triza?"

"Palibe. Muchedwa kuntchito."

Atacheuka, Triza anali atalowa kale m'nyumba. Kumutsatira kuchipinda kwake sakanatha. Mwambo womwewo unkaletsa.

Panjira yopita kumunda anapezana ndi Mayi Ellen, anzawo othyola nawo tiyi, amene anali m'gulu la amayi oyang'anira atsikana pasukulupo. Anawafotokozera mwachidule, maso ali kumsewu, ngati akunena za mwana wa munthu wina.

"Si wanu yekha," anatero Mayi Ellen. "Chaka chilichonse akachoka ku chinamwali ena sabwerera. Wina ndi manyazi, wina alibe zovala akakhala kumwezi, wina amupezera kale mwamuna."

"Wanga ndi chiti pamenepa?"

"Ndingadziwe bwanji, achimwene? Ndikamuona madzulo, Anesi akapita kuchigayo. Koma akakandigwadiranso ine n'kuti ayi, ndilibe kiyi wa pakamwa pa mwana."

"Mukamuuze kuti sindinakwiye. Chilichonse chimene chilipo, sindikwiya."

"Bwanji osamuuza nokha?"

Kapitawo anali atayamba kale kugawa mizere, akukalipira ochedwa. Bambo Peterson anabereka dengu, n'kulowa m'tiyi wonyowa ndi mame, n'kuyamba kuthyola.