Kaloko Kofiira ka Loweruka

Dokotala wa maso sanabise mawu. Anati pofika chaka chamawa nthawi ngati ino, bambo anga azidzaona zinthu ngati ali m'chifunga. Tikubwerera pa basi, ine misozi ikulengeza, iwo anali kalikiliki kunyoza dalaivala kuti akuponda mabuleki ngati wophunzira. Pomwepo ndinatsimikiza mumtima kuti akaone Stockholm maso asanathe.

Bambo anga, a Sixten, ali ndi zaka 76, koma ku Stockholm, likulu la dziko lawo lomwe, sanapondeko. Moyo wawo wonse anali kalipentala kuno ku Sundsvall, ndipo chiyambire ubwana wanga nyimbo yawo inali Vasa, chombo chakale chankhondo chija chinamira chitangonyamuka padoko, n'kudzavuulidwa patapita zaka mazana atatu n'kuikidwa m'nyumba yoonetsera zakale ku Stockholm komweko. Angakuuzeni mtengo umene anachekako thabwa lililonse. Koma kukachiona ndi maso, ayi, "chaka chamawa." Amayi anamwalira akudikira chaka chamawa chimenecho. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Ine ndikagwira chinthu sindichita masewera. Mkati mwa sabata ndimakhala kuntchito kusitolo ya mankhwala, choncho ulendo unayenera kukhala wa Loweruka ndi Lamlungu. Ndinalemba zonse: sitima ya pamtunda ya seveni koloko m'mawa, chombocho choyamba maso asanatope, kenako kaboti kowolotsa anthu, asilikali a kunyumba ya mfumu, malo ogona pafupi ndi siteshoni, Lamlungu tinjira tatimiyala ta mzinda wakale. Ndinalemba ngakhale pamene pali mabenchi ndi zimbudzi. Pepalalo ndinalinyadira, sindinama.

Ndinakaliyala patebulo pawo pambali pa khofi ndi mabanzi. Anatenga galasi lawo lokulitsira zilembo n'kuwerenga mzere woyamba wokha.

"Loweruka? Loweruka sindingathe. Ndimachapa."

"Ababa, mwati chiyani?"

"Teni koloko mpaka wani. Ylva, ukudziwa iwe, usadzipusitse."

Ndinkadziwadi. Mdadada wawo wonse umachapira m'chipinda chimodzi chapansi, ndipo pakhoma pali thabwa la mabowo, bowo lililonse tsiku lake ndi ola lake. Khomo lililonse lili ndi kaloko kake ka nambala. Ukamaliza kuchapa umasuntha kaloko kako n'kukakhoma pa tsiku limene udzachapenso. Ukachedwa, wina walowa. Ka bambo anga, nambala 9, anakapaka utoto wofiira.

"Amayi ako anagwira Loweruka limeneli zaka makumi awiri, ine khumi ndi chimodzi. Ndikangochoka tsiku limodzi, Majvor alanda. Mayi amene uja sagona."

A Majvor a pa nambala 14 anali ophika kusukulu asanapume pantchito. Iwo ndi bambo anga salankhulana pamaso. Amalemberana timapepala n'kumata pa makina. "Wa nambala 9: thonje la m'makina oumitsira silidzichotsa lokha." Bambo n'kuyankha: "Wa nambala 14: thonjelo n'lapinki. Ine ndilibe chovala chapinki." Nkhondo imeneyi yadya zaka.

"Ndiye mukusiya chombo chifukwa cha masokosi?"

"Chombo chinadikira zaka mazana atatu m'matope. Chidikira."

"Chombo chidikira, koma maso anu sadikira!"

Anangoluma banzi n'kuyang'ana kuwindo. Zinandipweteka, ndipo ndinakwiya, moti ndinatuluka osamaliza khofi. Ndinakwera masitepe kukagogoda pa nambala 14, nditakonzeka kugwada ngati kungafunike.

A Majvor anandimvetsera manja ali m'chiuno. Nditamaliza anaseka mpaka kutsokomola.

"Ine kulanda Loweruka la Sixten? Mwanawe, tiye ukaone."

Tinatsikira kuchipinda chochapira. Pa bowo la Loweruka teni koloko panali kaloko ka nambala 14. Kofiira kaja kanali uko, pa Lachiwiri seveni koloko m'mawa.

"Kuyambira February sakuona manambala," anatero. "Amangokhoma paliponse, n'kumapita akuimba mluzu. Ine ndimabwera pambuyo pake, n'kukhoma kanga pa Loweruka kuti wina asalowepo, ndiye ndimachapa pomwe iye wagwera. Sabata yatha anandigwetsera Lamlungu madzulo, chitsiru chimenechi. Ndachapa maola oti munthu wanzeru sangachape."

"Bwanji osawauza?"

"Kuti asiye kundilembera timapepala? Ndiziwerenga chiyani? Chaona mnzako chapita, mwanawe. Anganso maondo ayamba."

Sitinamve kuti bambo atsika. Anali pakhomo ndi galasi lawo m'manja. Anandilondola poganiza kuti ndikukagulitsa Loweruka lawo kwa adani. Anapita pathabwa paja, n'kuyandikitsa nkhope mpaka mphuno kukhudza, n'kuyendetsa galasi pang'onopang'ono. Anaima nthawi yaitali pa nambala 14. M'chipindamo munkangomveka makina a munthu wina akuzungulira.

"Majvor," anatero osatembenuka, "wandibera Loweruka."

"Ndakusungira, nkhalamba yopanda kuthokoza iwe. Bweretsa thumba la zovala zako Lachisanu. Ndichapa pa ola lako lomwelo, teni koloko, ndipo ndikhomanso."

"Malaya anga suwadziwa. Safuna madzi otentha kwambiri."

"Ndachapira ana mazana awiri nsalu za patebulo. Malaya ako anayiwo andiopse?"

"Asanu."

"Achisanuwo si malaya, n'chokolopera."

Bambo anapukuta galasi lawo pa juzi, ngakhale linali loyera kale. Kenako anandiyang'ana.

"Sitima ija wati ya seveni koloko? Tikakhale mbali ya kunyanja. Ndipo asilikali a mfumuwo uwafufute, ndikufuna tsiku lonse pa chombo."

Pepala langa lokongola lija linathera pomwepo. Mabenchi, kaboti, tinjira tatimiyala, zonse zinapita. Tinakhala ndi chombocho maola asanu. M'nyumba yosungiramo chombocho kuwala n'kochepa, ndipo ndinaopa kuti saona kanthu, koma anazungulira pansi, pakati ndi pamwamba, akuwerenga mitu ya mikango yosema, akukangana ndi akalipentala amene anafa kalekale. Pena ankangoima duu, chipewa chili m'manja. Ine ndinkayang'ana iwo, chombocho sindikuchikumbuka bwino.

Lamlungu madzulo tinapeza thumba pakhomo pawo, malaya atapindidwa mwaluso, onse asanu. Pamwamba panali pepala, osati kapepala ka masiku onse kaja, koma lalikulu, zilembo zake zotalika ngati chala, zolembedwa ndi inki yakuda. Bambo anapisa m'thumba kufuna galasi, kenako analeka. Anawerenga okha, mokweza, pakhonde pomwepo:

"WA NAMBALA 9: MASOKOSI AKO NDI OBOOKA. CHOMBO CHIJA WACHIONA?"

Anapinda pepalalo kawiri n'kuliika m'thumba la pamtima.

"Ylva, ndipezere pepala lalikulu ndi cholembera chonenepa," anatero. "Mayi ameneyu afunika kuyankhidwa."