Ndevu za Dalaivala

Magetsi anali atazima, ndipo mu shopu yometera munali zii. Dalaivala wa thiraki anali momwemo, akudikira kuti amakaniko amalize kukonza galimoto yake. Kukhala phee sankakutha. Anasolola makadi m'thumba.

"Achimwene, bwerani ndikuphunzitseni poka," anauza wometa. "Aliyense amatenga makadi asanu. Awiri ofanana amagonja kwa atatu ofanana. Koma masewera enieni ali pankhope. Ukagwira zinyalala, umaopseza ngati wagwira mafumu, mpaka mnzako ataye makadi."

"Nanga tibetcha chiyani?"

"Ndikapambana, chipewa chanucho n'changa. Mukapambana, mumete ndevuzi." Anazisisita monyada. Ndevu zimenezo zinali zitadutsa m'malire ambiri osakhudzidwa ndi lumo.

Anadziponya pampando wometera, n'kuutembenuza kuti ayang'anizane ndi wometa, kenako n'kugawa makadi. Ake anali zinyalala zenizeni, opanda ngakhale awiri ofanana. Anaumitsa nkhope ngati mwala.

"Ndikuwonjezera! Mukapambana, mundimetenso mpala. Tayani makadi msanga, achimwene, ndakumverani chisoni."

Wometa sanamuyang'ane n'komwe kumaso. Ankangoyang'ana pamwamba pa phewa lake, uku akuluma mlomo.

"Ndavomera," anatero, n'kuyala makadi pabenchi. Anali ndi awiri ofanana basi, mafolo.

"Iii! Mwalimba mtima bwanji ndi timakadi timeneti?"

Wometa analoza ndi chibwano. Dalaivala anacheuka. Kumbuyo kwake kunali galasi lalikulu lometera, lopukutidwa bwino, likuonetsa makadi ake onse asanu.

Nthawi yomweyo magetsi anayaka, makina ometera n'kuyamba kulira.

"Khalani bwino, aphunzitsi," anatero wometa akumukoleka nsalu m'khosi. "Tiyambire kumutu kapena kuchibwano?"