Thanki Yatsopano ya Nsomba za aValentino

Thanki inafika pa ngolo ya ng'ombe, itagonekedwa pa matiresi athu ngati wodwala wopita kuchipatala. AWebby, odula magalasi a mawindo pamsika wa Katete, ndiwo anaipanga, ndipo ankayenda chammbali atagwira ngodya, akukalipira ng'ombe pa dzenje lililonse. Ine chimwemwe chinali chodzaza tsaya. Ndinathamanga kukatsegula chipata, nsalu ikumasuka m'chiuno.

Musandiyese wamisala. Amuna anga aValentino chipumireni ntchito ya uphunzitsi anangoti phee. Pachipata sankatulukanso, ngakhale kupita kutchalitchi. Munthu amene mawu ake ankamveka mpaka kumsewu wa ku Chipata anasanduka wokhala pampando, woyankha ndi mutu. Ndinkaopa kuti ndiwataya akadali moyo. Kenaka mwana wathu Hope anabwera kuchokera ku Lusaka ndi tinsomba tofiira m'kathanki kakang'ono. Ine ndinanyoza, nsomba zosadyedwa n'zachiyani? Koma amuna anga anayamba kulawirira kukazidyetsa, nazipatsa mayina a ana ovuta amene ankawaphunzitsa. Yaikulu, yosusuka, anaitcha Yosefe. Pakhomo panamvekanso phwete. Nsombazo zitakula n'kuyamba kupanikizana, ndine ndinaumirira kuti tipangitse thanki yaikulu.

Tinaiika pathebulo m'balaza. AValentino anatsuka timiyala ta kumtsinje, akuimba nyimbo ya kwaya imene ndinali nditaiwala kuti amaidziwa. ARabecca, anzanga a m'Chigwirizano cha amayi, anadzipereka kutunga madzi kuchitsime. Ankabwera ndowa ili pamutu, kukhuthula, kubwerera, thukuta lili kamukamu. Madzi anayera mbee, mpaka ndinkaona maluwa a katani kudzera m'galasi.

"Amake Hope, bweretsani sefa," anatero amuna anga.

Sefa yanga ya ufa. Tsiku lina ndikanalusa, koma ndinapereka ndi manja awiri.

"Ayambe ni Yosefe, ndiye mkulu wa kalasi."

Yosefe atalowa m'thanki yatsopano anayamba waima, ngati sakukhulupirira. Kenaka anathamanga kuchoka uku kufika uko, mchira ukupepera, ife tikuomba m'manja. ARabecca anaimba nthungululu. Koma posakhalitsa nsomba ija inakwera pamwamba, kukamwa kuli yasa, n'kuyamba kupendekeka.

AValentino anaviika dzanja m'madzi, nanunkhiza.

"Madziwa anunkha chipatala."

"Ni klorini chabe, aphunzitsi," anayankha aRabecca mosadera nkhawa. "Madzi a pachitsime mungapatse mlendo osathira mankhwala? Manje poti ni nsomba za ku Lusaka, nathira kawiri."

Sindikanawadzudzula. Tonse tinaphunzitsidwa choncho chidutsireni kolera, ndipo mkazi waukhondo amadziwika ndi kabotolo kameneko. Koma mumtima ndinalakalaka kuwaveka ndowa ija kumutu.

AValentino anavuula Yosefe ndi sefa, nambwezera m'kathanki kakale momwe munali anzake. Yosefe anamira chammbali mpaka pansi. Ine maso anga sanali pa nsomba, anali pa amuna anga. Ndinawaona akubwerera chafutambuyo, nakhala pa mpando uja, manja pamawondo. Mantha anandigwira. Ndinadziwa kuti Yosefe akafa, sadzukanso pamenepo, ndipo thanki yanga idzakhala yosungiramo nyemba.

ARabecca anagwada pafupi ndi thebulo, misozi ili mbwembwembwe, nayamba kupemphera. Anapempherera nsomba moitchula dzina, monga timachitira ndi odwala a mumpingo. AWebby anavula chipewa.

Pempherolo lisanafike pa ameni, mchira unagwedera. Yosefe anatembenuka, anapendekekanso, kenaka anadzuka bwinobwino n'kukankha kansomba kena komwe kanamutsekera njira.

"Mwamuona? Mwano wake uja wabwera," anatero aValentino, ataimirira kale. "Tayani madzi onsewa, aWebby, mutsukuluze katatu. Amake Hope, zigubu zili kuti?"

"Tikatunga ise, aphunzitsi," anatero aRabecca akupukuta m'maso.

"Iyayi, amai. Imwe ukhondo wachuluka. Nikatunga nekha."

Anatulutsa njinga yawo m'kachipinda kosungira chimanga, yodzaza fumbi ndi akangaude. Anapopa matayala, anamangirira zigubu ndi mphira, napinda buluku. Ine ndinangoima, kuopa kuti ndikalankhula asintha maganizo.

Anakankha njinga n'kutuluka pachipata. Ndinawatsatira mpaka pamsewu, ndilibe nsapato. Amayi ogulitsa tomato pakona anaimirira, akuwayang'ana modabwa.

"Aphunzitsi, muliko kansi?"

"Tiliko, amai. Tifulumira, ana atiyembekeza kunyumba."

Mawuwo anamveka mpaka pomwe ndinaima. Ndinalira pomwepo, anthu akuona, ndipo sindinachite manyazi.