Msika wa Kuseri kwa Khoma

Dzina loti a Dikirani anawapatsa ndi akazi awo. Bambowa anasiya ntchito yoyeza misomali kusitolo ya alamu awo, nkuyamba malonda a pa intaneti, kugula ndi kugulitsa golide amene sanamuonepo ndi maso. Malondawo ndi osavuta kuwamva: mtengo ukayamba kukwera umagula, ukayamba kugwa umagulitsa msanga. Koma msanga ameneyo amafuna intaneti yothamanga, pomwe iwo ankadalira kafoni kokolekedwa pawindo kuti kagwire netiweki. Mitengo inkafika pakompyuta pawo itatopa kale. Akadina kuti agule, kamkombero kankayamba kuzungulira pasikirini, ndipo pomwe kankaima mtengo unali utapita kwina.

"Dikirani kaye, mayi, zikubwera," ankatero tsiku ndi tsiku, mpaka dzina linamera.

Tsiku lina mayiwo anatopa. "Bambo, tamvani. Mukangoluzanso kamodzi, Lolemba lake mukubwerera kwa achimwene. Epuloni yanu ija ndinachapa, ikukudikirani."

A Dikirani ankadana nayo epuloniyo ndi mtima wawo wonse. Osati chifukwa cha misomali ayi, koma alamu awo, munthu woseka ndi mapewa, amene ankawatchula kuti bwana wa golide pamaso pa makasitomala.

Nyumba yawo inali yogundizana ndi ina, khoma lake lopyapyala loti woyetsemula uku ankamva pepani kuchokera uko. Kuseriko kunkakhala wamalonda mnzawo, a Chingwe, amene anakoketsa waya wa intaneti kuchokera kumsewu mpaka pabalaza. Kwa iwo mitengo inkafika ikadali yotentha. Koma anali munthu wosadziwa kusunga za mumtima. Golide akakwera ankamenya tebulo nkukuwa, "Eyaaa!" Akagwa ankabuula ngati wodwala dzino.

M'mawa wina a Dikirani anaona chodabwitsa. Mkuwo unamveka kukhoma, iwo nkuyang'ana pakompyuta, zii. Anakanda mutu, namwa tiyi pang'ono, kenaka mtengo wawo nkudumpha. Anayesanso pomwe anamva kubuula, zinali chimodzimodzi. Khoma linkathamanga kuposa foni.

Ukaipa dziwa nyimbo. Anakokera tebulo kukhoma, nkuchotsa chithunzi cha ukwati, nkutenga tambula yagalasi kukhitchini. Kukamwa kwa tambula pakhoma, khutu kumbuyo kwake, chala pakompyuta. Mkuwo ukamveka ankagula, kubuula kukamveka ankagulitsa, osadikira kuti foni ivomereze. Ndipo zinayamba kuyenda! Anagula nsapato zolira, nawonso mayendedwe anasintha. A Chingwe atagwidwa ndi chifuwa mawu nkusasa, a Dikirani anathamanga kukawagulira mankhwala a pakhosi ndi uchi.

"Achimwene, mawu anuwo muziwasamala," anatero atagwira dzanja la mnzawo.

A Chingwe anathokoza, maso ali pansapato zija. "Koma anzathu zikukuyenderani masiku ano. Ndi kafoni komwe kaja?"

"Ndi mutu, achimwene, ndi mutu basi."

Sabata imeneyo anthu okonza msewu ankakumba ngalande kutsogolo kwa nyumba. A Dikirani anawapatsa moni wa ulemu nkudutsa, osalabadira kuti akukumba pati.

Linali Lachisanu. Dzulo lake anali atagula golide wambiri ndi zonse zimene anali nazo, ndipo ankangodikira kubuula koyamba kuti agulitse. Anakhala pampando, tambula pakhoma. Kunali chete. Kuli chete ndiye kuti msika waima, anadziuza motero. Anatsinzina kuti amve bwino, msana utafulatira kompyuta, chifukwa wabodza ameneyo anali atasiya kumukhulupirira. Khutu linatentha, khosi linauma, dzuwa linafika pamutu, koma kuseriko ngakhale kutsokomola kunalibe.

Mayi analowa kuchokera koyanika zovala, komwe ankacheza ndi akazi a Chingwe. Ankaseka mpaka misozi, beseni likugwedezeka m'manja.

"Bambo, tabwerani muone."

"Shhh! Ndili pantchito."

"Ntchito yanuyo ndi imene ndikufuna mukaione. Tiyeni."

Anawakoka pamkono mpaka pawindo la oyandikana nawo. M'katimo a Chingwe anali atagwada pasofa, maso ali chitsinzinire, khutu lili patambula, tambula ili pakhoma, malo omwewo enieni.

"Waya wawo anaudula okumba ngalande dzulo madzulo," ananong'ona mayiwo. "Tsopano nawonso ali pa kafoni. Akuti popeza inu muli ndi mutu, azimvera kwa inu."

Kuyambira m'mawa amuna awiri akuluakulu anali atagundanitsa makutu, aliyense kudikira mnzake! A Dikirani anathamangira kukompyuta nsapato zikulira. Mzere wa mtengo unali utagwa chamutu, ndipo nkhani imeneyo, kuti ifike pa kafoni kawo, inali yakale kale. Anadina kuti agulitse. Kamkombero kanayamba kuzungulira pang'onopang'ono, kopanda chisoni.

Pamenepo anabuula. Kunali kubuula kochokera m'mimba, kwa munthu amene waona epuloni ikubwera. Nthawi yomweyo kuseri kwa khoma kunamveka tambula ikusweka, mpando ukugwa, ndi mawu a Chingwe akukuwa, "Wagwa! Gulitsa! Gulitsa!"

Mayi anasiya kuseka ataona nkhope ya amuna awo. Anawamvera chisoni ndithu, nawaphikira tiyi wamkaka. Koma Lamulungu madzulo anasita epuloni.

Lolemba alamu anawalandira ndi manja awiri, mapewa akuvina. "Bwana wa golide, takulandirani! Musadandaule, alamu, kuno tinakoketsa waya mwezi watha. Intaneti yake ndi mphezi. Ndakutsegulirani msika wanu uja pakompyuta yapakauntala, muzionerako mukamayeza."

Tsiku limenelo golide anakweranso, kupitirira pomwe anagwera. A Dikirani anamuona bwinobwino akukwera, pa nthawi yake yeniyeni, popanda kamkombero, popanda kuchedwa ngakhale pang'ono, manja awo onse awiri ali m'thumba la misomali.